Confucius tili naye kale pamaliro athu, amene tikusowa ndi Laozi

Pawailesi ya kwathu kuno ku Chipata, ine ndine mmodzi wa ongodzipereka amene amawerenga mauthenga a maliro m'mawa. Uthenga umabwera papepala lolembedwa ndi bolopeni kapena pa WhatsApp: auje atisiya, maliro ali ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika, thupi licoka ku mocale nthawi yakuti. Ndawerenga mauthenga otere kwa zaka zingapo, ndipo pali cinthu cimene cimandiwawa. Pakapita milungu itatu kapena inai, banja lomwe lija limabweranso pakhomo pathu, koma lomba ndi uthenga wa malonda. Agulitsa ng'ombe ziwiri zolimira. Agulitsa puloti. Agulitsa njinga yamoto imene inali kudyetsa ana. Wakufa tinamuika kale, koma maliro ake akali kudya amoyo.

Sindikuloza ena cala. Amalume anga atamwalira caka catha, tinakhala msonkhano wa banja usiku, amuna okhaokha pamoto. Bokosi limene tikanakwanitsa linakanidwa, akuti anthu adzatiseka. Panafunika matenti, mipando yobwereka, zitenge zofanana za azimai, matisheti a cithunzi ca malemu, wojambula vidiyo, ndi nkhuku pambale ya aliyense wobvala jekete. Ndalama za cipepeso zitacepa, tinapita kwa wakaloba: pa K1,000 iliyonse, kubweza K1,500 mwezi ukatha. Usiku wonsewo palibe amene analowa m'nyumba kukafunsa akazi awo a amalume, amene anali pamphasa, kuti m'nkhokwe mwatsala ciani. Ine ndinalipo, ndinaona kuti tikulakwa, ndipo ndinakhala cete cifukwa mwana sayankha akulu. Ndalama ya feteleza inapita kwa wakaloba. Mvula itabwera, munda wa namfedwa unalimidwa theka.

Patapita miyezi, mnzanga wina amene anaphunzirako cinenero ca ku China ku Confucius Institute ya pa University of Zambia anandibwereka mabuku a anzeru akale a dziko lija. Ndinakonza pulogalamu yaifupi yofotokoza za Confucius ndi Laozi. Mafoni atatsegulidwa, acikulire ena anaimba nati: “Mwana wanga, Confucius uyo ndi munthu, afanana ndi makolo athu. Koma winayo aphunzitsa ulesi. Usamubweretse kwa ana athu.” Nthawi inatha ndisanawayankhe. Atate, ngati muwerenga, kapena mdzukulu akakuwerengerani, yankho langa ndi ili, ndipo ndikamba ndi ulemu wonse: mwawamva molakwa onse awiri, ndipo kulakwa komweko ndi kumene kukugulitsa ng'ombe zathu.

Tiyambe ndi amene mwamuyamika. Confucius anabadwa zaka 551 Yesu asanabadwe, m'dera la Lu, kumene lero kuli mzinda wa Qufu, ndipo anamwalira mu 479. Anakhala m'nthawi ya nkhondo, mafumu akulandana maiko, ana akupha atate awo cifukwa ca mpando. Mankhwala ake anali mwambo. Mwana alemekeze kholo, wamng'ono alemekeze wamkulu, mfumu ikhale mfumu yeniyeni, ndipo aliyense adziwe pokhala pake, pogwada pake ndi polankhula pake. Mau ake a mwambo anali li, ndipo mtima wa umunthu umene uyenera kukhala m'kati mwa mwambowo anali kuucha ren. Pa imfa ya kholo anali kufuna kuti mwana alire zaka zitatu. Wophunzira wake wina, Zai Wo, atatsutsa kuti caka cimodzi n'cokwanira, Confucius ananena kuti khanda limakhala m'manja mwa makolo zaka zitatu lisanayende palokha.

Kodi Mngoni kapena Mcewa angaphunzirepo ciani cacilendo pamenepa? Pitani ku Mtenguleni mu Febuluwale pa Nc'wala muone m'mene mafumu akhalira motsata ukulu pamaso pa Nkosi yamakosi Mpezeni. Pitani ku Mkaika mu Ogasiti pa Kulamba muone Acewa ocokera ku Malawi ndi ku Mozambique akugwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Onani mtsikana wophunzitsidwa ndi alangizi popereka madzi kwa apongozi. Confucius akanafika ku Chipata akanamva ngati ali kwao. N'cifukwa cake acikulire aja anamukonda: anadziona okha pagalasi.

Koma galasilo sanaliyang'ane bwino. M'buku la Analects, limene ophunzira ake anasonkhanitsamo zokamba zake, muli nkhani imene anthu okonda maliro apamwamba safuna kuimva. Wophunzira amene Confucius anali kumukonda koposa onse, Yan Hui, anamwalira akali mnyamata, ndipo anali wosauka. Confucius analira mpaka anthu anadabwa. Atate ake a Yan Hui anapempha Confucius kuti agulitse ngolo yake kuti agulire malemu bokosi laciwiri lakunja, monga anali kucitira olemera. Confucius anakana, nawakumbutsa kuti mwana wake weniweni anamuika m'bokosi limodzi cabe. Ophunzira anzake atafuna kucita maliro aakulu, anawaletsa. Iwo sanamvere, anacitabe, ndipo iye anadandaula kuti amulepheretsa kuika Yan Hui monga anaikira mwana wake. Pena, atafunsidwa za muzu wa mwambo, anayankha kuti pamaliro cisoni ceniceni ciposa kulongosola zonse mwadongosolo.

Ndiye taonani. Munthu amene mukuti afanana ndi makolo athu anakana kugulitsa ngolo kuti agule bokosi. Ife tigulitsa ngolo pamodzi ndi ng'ombe zake, ndipo tikuti ndi ulemu. Tinatenga cigoba ca mwambo, mtima wake tinausiya m'njira.

Apa m'pamene Laozi alowera. Nkhani zakale zimati anali wosunga zolembedwa ku nyumba yacifumu ya Zhou, ndipo wolemba mbiri Sima Qian anasimba kuti Confucius anapita kwa iye kukafunsa za miyambo. Mkuluyo anamuuza mosabisa kuti anthu akale amene awachulachula anaola kale ndi mafupa omwe, kwangotsala mau awo, ndipo anamulangiza kutaya kudzikweza. Buku lochedwa ndi dzina lake, Daodejing, ndi laling'ono, mitu 81 yokha. Likamba za Dao, kutanthauza njira: m'mene zinthu ziyendera pazokha popanda wozikankha, monga madzi atsikira kumunsi, monga nyengo zisinthanirana. Bukuli linena cinthu cimene cinandilasa nditakumbuka msonkhano wa pamoto uja. Lionetsa makwerero otsika: njira ikatayika anthu agwira makhalidwe abwino, amenewo akatayika agwira cifundo, cifundo cikatha agwira cilungamo, ndipo cilungamo cikatha catsala ndi mwambo cabe. Kwa Laozi, mwambo ukaculuka ndi cizindikiro cakuti kukhulupirika kwacepa.

Yesani mau amenewa pa maliro a m'tauni muno. Amalume anadwala miyezi isanu. Amene anabwera kudzawaona m'cipatala ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Amene anatumiza ya mankhwala ndi ocepa kuposa pamenepo. Koma atangotsekedwa maso, anthu anabwera kucokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo amene sanaonekeko konse pamatenda ndiwo anali kukweza mau pa za mtundu wa bokosi. Bokosi lonyezimira linali kulipira mlandu wa m'mitima yathu. Laozi anaona zimenezi zaka zoposa 2,000 zapitazo, asanaonepo tisheti ya cithunzi.

Tsopano za ulesi. Mau amene akhumudwitsa anthu ndi wu wei, amene ambiri awamasulira kuti kusacita kanthu. Tanthauzo lake lenileni ndi kucita popanda kukakamiza. Daodejing iyerekeza kulamulira dziko lalikulu ndi kuphika tinsomba ting'onoting'ono. Mai aliyense amene anakazingapo kapenta adziwa kuti ukatakasa kwambiri upeza zinyenyeswa m'poto. Mai ameneyo si waulesi. Ali pamoto, maso ali pampoto, ndipo adziwa nthawi yoika mthiko ndi nthawi yousiya. Zhuangzi, wanzeru wina wa gulu lomweli amene anakhala zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe, anasimba za wopha ng'ombe wochedwa Ding amene mpeni wake unatha zaka 19 osabuntha, cifukwa anali kuupititsa m'mipata ya mfundo m'malo motema mafupa. Anzake anali kusintha mipeni caka ndi caka, ena mwezi ndi mwezi. Ndani waulesi pamenepa, amene agwira nchito modziwa kapena amene atuluka thukuta pothyola mipeni? Ngakhale Mencius, wotsatira Confucius wochuka koposa onse, anaseka mlimi amene anakoka mbeu zake m'mwamba kuti zikule msanga, zonse n'kufota. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso kuthamanga sikufika. Palibe amene anawanena kuti aphunzitsa ulesi.

Maliro okakamiza ndiwo kutema fupa ndi mpeni. Banja la matumba khumi a cimanga likafuna kuoneka ngati banja la mashopu atatu, cimene cithyoka ndi banjalo.

Zhuangzi yemweyo ali ndi nkhani imene ingakwiyitse ambiri. Mkazi wake atamwalira, mnzake Huizi anabwera kudzapepesa, nampeza atakhala pansi akuomba beseni ngati ng'oma, akuimba. Huizi anamudzudzula kuti mkaziyu anakulerera ana, wakalamba nawe, kusalira kokha n'kokwanira, nanga kuimba? Zhuangzi anayankha kuti poyamba cisoni cinamugwira monga munthu aliyense. Koma ataganiza anaona kuti panali nthawi imene mkaziyo kunalibe, kenaka anakhalapo, lomba wasinthanso, monga dzinja lipatsira malo cilimwe. Iye mwini ali pafupi kufa, ophunzira anafuna kumukonzera maliro aakulu, koma anawakaniza nati thambo ndi nthaka zimukwanira ngati bokosi. Atamuuza kuti aopa akhwangwala, anawaseka kuti pansi pa nthaka nyerere zidzamudya ndithu, nanga n'kukonderanji nyerere.

Mukuti zimenezi n'zacilendo? Kumbukirani maliro aliwonse a Mngoni pamene pali Abemba. Ambuya abwera ndi ufa kapena paudala, apaka namfedwa kumaso, aseka malemu kuti wathawa nkhongole, alipiritsa anthu ndalama zacitsulo, ndipo anthu amene anali kulira aseka misozi ikali m'masaya. Koma ambuya omwewo ndiwo atema nkhuni, aphika, anyamula bokosi. Kumidzi ya Acewa adzukulu akumba manda uku akuceza ndi kuseka. Cimbuya cikumbutsa olira kuti imfa si yoyamba ndiponso si yomaliza, ndipo cicotsa mpweya mwa aliyense wofuna kudzitukumula pamaliro. Makolo athu anaika beseni la Zhuangzi m'kati mwa mwambo wa Confucius, osamudziwa aliyense wa iwo. Ife ndife tikucotsa beseni n'kuikapo zokuzira mau zobwereka.

Ku China komweko anthu sanasankhe mmodzi n'kutaya mnzake. Kwa zaka mazanamazana munthu mmodzi anali kutsata Confucius pa nchito ya boma ndi pa za banja, n'kuwerenga Laozi ndi Zhuangzi pofuna kupumitsa mtima. Ndipo maganizo a Laozi analowako ngakhale ku nyumba yacifumu. Mfumu Wen ya ufumu wa Han, imene inalamulira kucokera mu 180 kufika mu 157 Yesu asanabadwe, inasiya lamulo lakuti ikadzafa anthu a m'dziko adzalire masiku atatu okha, asadzaletsedwe kukwatira, kudya nyama kapena kumwa, ndipo m'manda mwake muikidwe ziwiya zadothi, osati golide kapena siliva. Mfumu ya dziko lalikulu conco inaopa kusautsa amoyo ndi imfa yake. Ife a ku Magazine tiopa ciani?

Ndifunanso kuti tidzifunse cifukwa cake dzina la Confucius tilimva kawirikawiri koma la Laozi ai. Confucius Institute yoyamba inatsegulidwa ku Seoul mu 2004, ndipo yathu ya ku Lusaka mu 2010. Koma m'zaka zimene anthu a ku China anali kumanga njanji ya TAZARA, kuyambira 1970 mpaka 1975, kwao Confucius anali kunyozedwa poyera ngati mdani wa citukuko, ndipo mu 1966 acinyamata a Red Guards anaononga manda a banja lake ku Qufu. Lero dzina lomwelo lili pazikwangwani m'maiko ambiri. Olamulira, akhale a dziko, a mpingo kapena a banja, amabwerera kwa Confucius cifukwa theka la ciphunzitso cake, lija lakuti wamng'ono amvere, liwakomera. Theka lina, lakuti wamkulu akhale woyenera kumumvera, amaliiwala. Laozi savuta kuiwala konse, cifukwa iye auza wamkulu kuti acepetse manja, akhale pansi ngati madzi, asiye anthu apume. Pa msonkhano wa pamoto uja, mau akuti ulemu anagwira nchito imodzi cabe: kutseka pakamwa ife amene tinali kudziwa kuwerengera.

Ndidziwa zimene ena adzanena, ndipo zina mwa izo n'zoona. Adzati Zambia ndi dziko lacikhristu, monga a Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991, ndiye za Laozi n'za mafano. N'zoona kuti ku China kuli cipembedzo ca Tao cokhala ndi akacisi ndi ansembe ake. Ine sindikuitanira munthu ku kacisi ameneyo. Pa Sondo mudzandipeza pa benci yanga ya masiku onse. Ndikukamba za nzeru ya m'mabuku awiri, ndipo nzeru ilibe pasipoti. Ngati tikwera njinga za ku China, tiimba mafoni a ku China, ndipo thonje lathu tigulitsa ku makampani a anthu a ku China, n'cifukwa ninji ticita mantha ndi funso limodzi labwino locokera komweko?

Adzatinso maliro n'kulirana, caona mnzako capita mawa cili pa iwe, ndipo munthu wosauka alibe inshuwalansi ina koma abale ndi anansi. Apa ndigwirizana nao kotheratu, ndipo apa m'pamene ndisiyana ndi Zhuangzi. Thupi la amai anga sindingalisiyire akhwangwala. Munthu amene cisoni camusokoneza afunika mwambo womugwira dzanja, womuuza pokhala, nthawi yolira, nthawi yosamba, nthawi yometa. Confucius anali ndi zoona: popanda mwambo, cisoni cikhoza kumiza munthu. Kugona pamaliro, kubweretsa mbale ya ufa, mtolo wa nkhuni, kuimba usiku wonse, zonsezi zisathe. Zimenezi sizinagulitsepo ng'ombe ya munthu. Cimene ndikutsutsa ndi zoonjezera zimene agogo athu sanazidziwe, zimene tabvalika dzina la mwambo kuti pasapezeke wozifunsa. Vidiyo ndi mwambo wa Mngoni uti? Tisheti inayamba ndi Kalonga uti?

Ndipo tinayesapo kale njira ina, mosafuna. Mu Malici 2020, matenda a COVID-19 atafika, boma linalamula kuti pamisonkhano, maukwati ndi maliro pasapitirire anthu 50. Zinali zowawa, ndipo sindifuna kuti masiku aja abwerere. Koma akufa anaikidwa, mapemphero anacitika, misozi inagwa yeniyeni, ndipo mabanja ambiri anatuluka m'maliro opanda nkhongole. Palibe malemu amene anabwerera kudzadandaula za kucepa kwa mbale. Tinaona ndi maso athu kuti zambiri zimene tinali kuti sizingatheke kusiya, zinasiyika.

Tikumbukenso kuti dzina la mwambo linabisapo zoipa zazikulu kuposa izi. Panafunika lamulo la Intestate Succession Act la 1989 kuti linene poyera kuti munthu akafa wosasiya wilo, ana atenge magawo 50 pa 100 a cuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo odalira malemu 10. Lamuloli linabwera cifukwa abale anali kusesa m'nyumba mpaka mapoto, akuti ndi mwambo. Lero ambiri ticita manyazi kulanda katundu wa amasiye. Koma kudya gawo la ana amasiye m'masiku atatu a maliro, kupyolera m'matenti ndi kaloba, kusiyana kwake n'kotani? Mwana amene wasowa ya yunifomu sasamala kuti cuma ca atate ake cinapita pa lole ya amalume kapena m'poto wa pamaliro.

Cimene ndipempha n'cocepa. Pa msonkhano wa banja wotsatira, tisanachule mtundu wa bokosi, mai mmodzi wacikulire alowe m'nyumba akafunse namfedwa zimene zilipo ndi zimene ana adzafuna mvula ikagwa. Ndalama za cipepeso ziwerengedwe poyera, ndipo maliro akwane m'ndalama zimenezo. Amene afuna vidiyo kapena zitenge atulutse m'thumba mwake. Feteleza, ng'ombe zolimira ndi ndalama za sukulu zisakhudzidwe. Ndipo wamng'ono akakweza dzanja kuti afunse za kaloba, akulu amulole amalize, cifukwa mau a akulu akoma akagonera, koma ciwongoladzanja naco cikula cikagonera.

Atate amene munaimba foni, Confucius wanu sindikumulanda. Ndikungopempha kuti mumuwerenge yense, pamodzi ndi tsiku limene anakana kugulitsa ngolo, ndipo mulole mkulu mnzake uja akhale naye pamphasa imodzi. Ine ndinakhala cete pamaliro a amalume, ndipo theka la munda linamera udzu. Akazi awo sananditsutsepo ngakhale kamodzi, koma nthawi zonse ndikapita kukawaona amanditengera kumunda kuja. Pa maliro otsatira a m'banja mwathu ndidzagwada monga ndinaphunzitsidwa, ndidzaomba m'manja, ndipo ndidzafunsa kuti ndalama tili nazo n'zingati.